Kodi kundende ya Zomba kuli anthu angati?

Funso: Ndimakhala ku Chikanda, ndipo ndikamapita kumsika ndimaona akaidi ovala zoyera akugwira ntchito. Kodi m'kati muja alimo angati, nanga onse anaweruzidwa kale? Ndine mayi wa ku Chikanda, Zomba.

Yankho: Mayi, mumawaonawo ndi ochepa chabe. Ndende ya Zomba inamangidwa mu 1935 kuti izisunga anthu mazana ochepa, koma zaka zapitazi yakhala ikusunga anthu pafupifupi 2,000. Mukafuna kumvetsa chiwerengerochi, ganizani za usiku: chitseko chikatsekedwa, ena amagona chokhala, mawondo pachifuwa, msana wa mnzawo kutsogolo kwawo. Chifuwa chachikulu ndi mphere zimafala mosavuta pamalo otere.

Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi wina dzina lake Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kotereku n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse vutoli ndi theka. Mpaka lero ndende zathu n'zodzazabe, ndipo ine zimandiwawa.

Si onse anaweruzidwa ayi. Ena ali pa rimandi, akungodikira mlandu. Lamulo limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo pa milandu ya kwa majisitireti asadikire m'ndende masiku oposa 30 mlandu usanayambe, pokhapokha khoti litawonjezera. Ngati muli ndi m'bale amene wapitirira pamenepa, pitani ku Legal Aid Bureau mutanyamula tsiku limene anamangidwa ndi dzina la polisi imene inamugwira.