Mbaula ndi Hita ya Gasi: Kasamalidwe Kake Pakhomo

Kwa amayi ndi abambo a m'dera la mfumu yaikulu Lukwa

Msika wa fodya ku Chinkhoma ukafika pachimake, kuzizira kwa Juni ndi Julayi nakonso kumakhala kwafika. Ndalama ikagwirika, ganizirani za moto wa pakhomo. Nkhuni zatalikira chifukwa mitengo yathera m'zigafa, m'mabalani ndi m'mauvuni a makala, ndipo kukadula mtengo m'nkhalango ya Kasungu National Park ndi mlandu. N'chifukwa chake boma, m'ndondomeko yake ya makala ya 2017 mpaka 2027, linaika gasi pa njira zochepetsera kudalira makala.

Silinda ya gasi imaphikira, ndipo mukakhala ndi hita imakuwothetsaninso. Ndi chida chokhalitsa, koma chili ndi adani atatu: fumbi, zotayikira za mumphika, ndi gasi wotuluka mobisika.

Zidziweni ziwalo zake

Silinda ndi chitsulo chosungira gasi. Za pakhomo zimakhala za makilogalamu 6, 9 kapena 14. M'kati mwake gasi amakhala wamadzi, ndipo amasanduka mpweya potuluka. Podzaza salekeza pakamwa. Amaika magawo pafupifupi 80 pa 100 kuti gasiyo apeze malo akatenthedwa.

Leguleta ndi kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi asanalowe mu paipi. Jeti ndi kabowo kakang'ono kolowetsa gasi m'mutu wa mbaula, momwe amasakanikirana ndi mphepo asanayake. Mbaula zina zimamangidwa pamwamba pa silinda penipeni, zina zimalumikizidwa ndi leguleta ndi paipi. Zipangizo za mitundu iwiriyi sizisinthanitsidwa. Hita ili ndi timapale tamabowobowo timene timafiira ikayaka n'kumatulutsa kutentha.

Lawi ndiye mboni

Lawi labwino ndi la buluu, lokhazikika, loyaka mofanana kuzungulira mutu wonse. Likakhala lachikasu, lolendewera kapena lodetsa miphika ndi mwaye, dziwani kuti gasi sakupeza mphepo yokwanira. Pamenepo gasi akungowonongeka, ndipo mbaulayo ikutulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide. Zimitsani, iyeretseni, muyatsenso. Likapitiriza kukhala lachikasu, itengereni kwa mmisiri wodziwa za gasi.

Poyatsa mbaula yofuna machesi, yambani mwakhwatcha machesi, kenako tsegulani gasi. Pozimitsa, yambani kutseka pa silinda kuti wotsala mu paipi apse, kenako tsekani pa mbaula.

Kutsuka mbaula

Tsiku lililonse mukatha kuphika, dikirani izizire. Pukutani ndi nsalu yonyowa ya sopo phala, nsima, msuzi ndi mafuta zomwe zatayikira. Zikauma zimatseka timabowo ndipo zimaitana mphemvu ndi makoswe.

Kamodzi pa sabata chitani izi:

1. Tsekani silinda, muchotse mafuwa achitsulo ndi chipewa cha mutu wa mbaula.
2. Ziviikeni m'madzi ofunda a sopo, muzikweche ndi mswachi wakale.
3. Timabowo ta chipewacho titsegulani ndi kamtengo kosongoka kosathyoka msanga.
4. Yanikani padzuwa mpaka ziumiretu. Chonyowa chimakana kuyaka bwino ndipo chimachita dzimbiri.
5. Bwezerani chilichonse pamalo pake, chikhale mosapendekeka.

Jeti musaitokose ndi singano, msomali kapena waya. Kabowo kake kanapimidwa ku fakitale, ndipo kakakula lawi limasokonekera mpaka kalekale. Ikatsekeka, ipopeni ndi pampu ya njinga. Ikakanika, gulani ina ya nambala yomweyo.

Kusamala hita

Hita imagwira ntchito miyezi iwiri kapena itatu, chaka chonse chotsala n'kungokhala. M'miyezi imeneyi fumbi la chilimwe limalowa, akangaude amayala ukonde m'njira ya gasi, ndipo mavu amamatamo dothi. Choncho mu Meyi, kuzizira kusanalimbe, itulutseni pabwalo muiyang'ane.

Ichotseni ku silinda. Pukutani kunja kwake ndi nsalu yonyowa pang'ono. Timapale take musatithire madzi kapena kutikwecha, chifukwa n'tosachedwa kusweka. Ingochotsani fumbi ndi burashi yofewa kapena pampu. Kaphale kakang'ambika, hitayo isayatsidwe mpaka kasinthidwe.

Hita zambiri zokhala ndi bokosi zili ndi kalawi kakang'ono koyatsira ndi kachipangizo kodula gasi lawi likazima kapena mpweya wabwino ukachepa m'chipinda. Hita yotere ikamazimazima, musamange batani lake ndi waya kapena mphira kuti ikakamizike kuyaka. Ikukuuzani kuti pali vuto. Tsegulani mazenera, ndipo ikapitiriza, ikaonedwe ndi mmisiri.

Kuzizira kukatha mu Ogasiti, iyeretseninso, muiphimbe ndi nsalu kapena thumba loyera, muisunge pouma.

Kuyesa ndi thovu la sopo

Nthawi iliyonse mukasintha silinda, komanso kamodzi pa mwezi, sungunulani sopo m'madzi mpaka achite thovu. Pakani thovulo pakamwa pa silinda, pa leguleta, m'litali mwa paipi ndi polumikizira ponse, kenako tsegulani silinda mbaula ili yotseka. Pomwe thovu likufufuma, pamenepo gasi akutuluka. Tsekani msanga. Kawirikawiri vuto limakhala kamphira kapakamwa kotha kapena chomangira paipi cholefuka. Musayese ndi machesi ngakhale tsiku limodzi.

Paipi muipinde pang'ono poiyang'ana. Ikaonetsa ming'alu, ikauma gwa, kapena ikatafunidwa ndi makoswe, gulani ina. Musaimate ndi tepi kapena mphira wa njinga, ndipo paipi yothirira kudimba si ya gasi. Ngakhale ikuoneka bwino, isapitirire zaka 5.

Powotha

Hita imadya mpweya womwe inu mukupuma. Siyani zenera lotsegula pang'ono nthawi yonse yomwe ikuyaka, ndipo musagone ili chiyakire. Lamulo lomweli ligwirenso pa mbaula ya makala. Carbon monoxide saoneka ndipo sanunkha. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo tosadziwika bwino. Anthu angapo m'nyumba akadandaula zimenezi nthawi imodzi, tulukani nonse, ndipo wofooka mumutengere kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha Kasungu mosazengereza.

Hita italikirane ndi makatani, masikito, mphasa ndi mipando ndi mita imodzi kapena kuposerapo. Musayanikepo zovala kapena matewera. Ana asasewere pafupi. Musalowe nayo m'chigafa kapena posankhira fodya. Fodya wouma ndi denga la udzu sizichedwa kugwira moto, ndipo thukuta la chaka chonse lingathe mu mphindi zochepa.

Mukamva fungo la gasi

Opanga gasi amathiramo dala fungo loipa kuti akamatuluka mudziwe. Mukalimva, tsekani silinda, zimitsani moto uliwonse, tsegulani zitseko ndi mazenera, anthu atuluke. Musakhudze switchi ya magetsi kapena ya sola, ndipo wina asasute. Gasi ndi wolemera kuposa mphepo, kotero amatsikira pansi n'kuunjikana m'makona, pomwe ana amagona. Ngati n'kotheka, tulutsani silindayo pabwalo, kutali ndi moto.

Kugula ndi kusunga

Silinda ikhale choimirira nthawi zonse, ngakhale pa njinga yamoto kapena pa ngolo. Isungeni pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi moto wa nkhuni, palafini, petulo ndi feteleza. Isakhale m'chipinda chogona. Musathire gasi kuchoka mu silinda ina kupita mu inzake.

Gulani kwa ogulitsa okhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi. Kanani silinda yotiwizika kapena yodyeka ndi dzimbiri pansi pake. Pa silinda pamalembedwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Ikeni pa sikelo, muchotsere nambalayo, mudziwa gasi yemwe mwalipira. Musachoke pasitolo wogulitsayo asanakuonetseni kamangidwe ka zonse, pakuti safunsa anadya phula.

Zomwe mwawerengazi muwaphunzitse onse a pakhomo panu, ana okulirapo ndi antchito omwe. Lero lomwe, musanayatse, sungunulani sopo muyese silinda yanu.