Phunziro la Sabata Ino: Yunivesite ya Katolika ndi ya Yani?

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, mafoni a akhristu ambiri a m'tauni amayamba kulira. Amakhala abale akumudzi: mwana wakhoza bwino, koma sanasankhidwe ku sukulu ya ukachenjede ya boma. Ku Makhanga, m'boma la Nsanje, kumene madzi a Shire ndi Ruo adakokolola minda mu 2015 ndi mu 2023, fizi ya mwana wotereyu imachokera m'khola la mbuzi kapena m'thumba la amalume ake a m'tauni. Ndalama yopezeka movutikira chonchi siyenera kulowa m'madzi. Banja lisanalipire, lidziwe kaye mbiri ya sukuluyo ndi amene ali pambuyo pake. Chitsanzo chapafupi ndi Catholic University of Malawi.

Ansembe a chipani cha Montfort adafika m'dziko muno mu 1901 ndi kukhazikika ku Nzama, m'boma la Ntcheu. Mu 1903 adatsegula mishoni ya Nguludi ku Chiradzulu. Patapita zaka, pa Nguludi padamangidwa koleji ya aphunzitsi ya Montfort, imene idatumiza aphunzitsi m'sukulu zambiri za m'dziko muno. Mu 2004 bungwe la maepiskopi a Katolika m'Malawi lidakhazikitsa yunivesite, ndipo mu 2006 idatsegula zitseko zake pamalo omwewo. N'chifukwa chake malowa amatchedwabe Montfort Campus.

Yunivesite yachikhristu imaima pa mafuwa atatu.

Fuwa loyamba ndi mwini wake. Yunivesite ya ku Nguludi si ya munthu mmodzi kapena dayosizi imodzi ayi, koma ya maepiskopi onse pamodzi. Dayosizi ya Chikwawa, imene idakhazikitsidwa mu 1965 ndipo Makhanga ali m'dera lake, ili ndi mpando m'bungwe limeneli. Choncho mwana wa ku Makhanga akafika pa Nguludi sali mlendo. Mipingo ina nayo ili ndi zake: University of Livingstonia ndi ya Sinodi ya Livingstonia ya CCAP, pamene Malawi Adventist University ndi ya mpingo wa Seventh-day Adventist.

Fuwa lachiwiri ndi chilolezo cha boma. Dzina la Mpingo palokha silipatsa digiri mphamvu. Bungwe la National Council for Higher Education, kapena kuti NCHE, ndilo limayendera sukulu za ukachenjede ndi kuvomereza maphunziro ake, aliwonse paokhapaokha. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pamene maphunziro ena atsopano a pasukulupo sanavomerezedwe. Ngongole za boma za ophunzira nazo zimayendera chilolezo chomwechi.

Fuwa lachitatu ndi ubale wake ndi Mpingo wonse. Pa 15 Ogasiti 1990, Papa Yohane Paulo Wachiwiri adatulutsa chikalata chotchedwa Ex Corde Ecclesiae, chimene chimatsogolera mayunivesite a Katolika padziko lonse. Chikalatachi chimafuna kuti nzeru ndi chikhulupiriro ziziyendera limodzi, ufulu wa chikumbumtima cha ophunzira a zipembedzo zina uzilemekezedwa, ndiponso papezeke njira zoti ana a osauka afikire maphunzirowa. Maepiskopi a ku Malawi alinso m'bungwe la AMECEA, limene lili ndi Catholic University of Eastern Africa ku Nairobi.

Mfundo yokhudza osaukayi ndiyo imabweza mpira kwa akhristu. Yunivesite yosakhala ya boma imadalira kwambiri fizi, ndipo banja lotaya mbewu ndi madzi osefukira silingakwanitse lokha. Ngati sukuluyi ndi ya Mpingo, ndiye kuti mwana wolephera kumaliza maphunziro chifukwa cha fizi ndi nkhawa ya Mpingo wonse, kuyambira kumphakati. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, komanso adati mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana m'miphakati:

1. Kodi makolo amafufuza chiyani asanalipire fizi? Ndani mumphakati angawathandize kuona mndandanda wa maphunziro ovomerezeka ndi NCHE?

2. Kodi mumphakati muli banja limene likusenza lokha fizi ya mwana wake kapena wa m'bale wakumudzi?

3. Kodi mphakati ungachitepo chiyani teremu ikubwerayi isanayambe?