Paul Petter Waldenström Anafunsa Kuti: "Kodi Zalembedwa Pati?"

KODI mungachitenji mutapeza kuti chiphunzitso chimene mwakhala mukulalikira sichikupezeka m'Malemba? Funso limeneli linayang'anizana ndi Paul Petter Waldenström, wobadwira ku Luleå, Sweden, mu 1838. Iye anaikidwa kukhala mbusa wa Tchalitchi cha Lutheran cha Boma mu 1864, ndipo Carl Olof Rosenius atamwalira mu 1868, anakhala mkonzi wa magazini otchedwa Pietisten.

2 Chivomerezo cha Augsburg, chimene abusa a Lutheran anayenera kuchichirikiza, chinaphunzitsa kuti Kristu anafa kuti ayanjanitse Atate kwa ife. Komabe, pamene Waldenström anasanthula Chipangano Chatsopano, sanapeze lemba lonena motero. Mmalomwake, pa 2 Akorinto 5:18, 19 anaona kuti Mulungu ndiye woyanjanitsa, ndipo anthu ndiwo oyanjanitsidwa. Chotero mu ulaliki wofalitsidwa mu 1872, iye analongosola kuti uchimo unasintha mtima wa munthu, osati wa Mulungu. Chikondi cha Atate sichinagulidwe ndi imfa ya Mwana. Chinali chikondi chimenecho chimene chinatumiza Mwanayo.—Yerekezerani ndi Yohane 3:16.

3 Mkangano waukulu unabuka, ndipo ambiri anamuimba mlandu wa kupeputsa chilungamo cha Mulungu. Ndiyeno mu 1876 anapereka Mgonero wa Ambuye ku Uppsala kunja kwa nyumba ya tchalitchi, ndipo akuluakulu a chipembedzo anamdzudzula. Mu 1878 okhulupirira ambiri ogwirizana naye anayambitsa Svenska Missionsförbundet, gulu la mipingo yosalamuliridwa ndi Boma. Waldenström anatula pansi ubusa wake m'Tchalitchi cha Boma mu 1882, anakhala phungu wa nyumba ya malamulo kuyambira 1884 mpaka 1905, ndipo anatsogolera gululo kuyambira 1904 kufikira imfa yake mu 1917. Mu 2011 gululo linagwirizana ndi Abaptist ndi Amethodist kupanga tchalitchi chimene lerolino chimatchedwa Equmeniakyrkan.

4 Si onse amene amavomereza malongosoledwe ake a chiyanjanitso. Ngakhale zili choncho, funso lake n'loyenerabe. Kodi ife, mofanana ndi Abereya, timasanthula zimene timamva, ngakhale pamene yankho lingatitayitse malo aulemu?—Machitidwe 17:11.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi Waldenström anasiyana motani ndi Chivomerezo cha Augsburg?

□ Kodi kaimidwe kake kanali ndi zotulukapo zotani?