Onani chipinda musanatulutse ndalama

Achinyamata inu amene mwayamba kuyenda maulendo a ntchito ndi a geni, kaya mukukagula thonje ku Ulongwe ndi ku Utale, kaya mpunga wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kaya bwana wakutumani ku msonkhano ku Liwonde, dziwani kuti tulo ndi gawo la mpamba wanu. Munthu amene wachezera kuomba udzudzu amalakwitsa powerenga sikelo, ndipo amavomera mtengo umene akanaukana akadagona bwino.

Fikani dzuwa lisanalowe. Mukatsika minibasi usiku pa Mangochi Turn-off, wakabaza adzakutengerani kumene amalandirako kangachepe, osati kumene kuli bwino. Masana mumakhala ndi mphamvu yokana n'kupita kwina.

Musalipire musanaone chipinda. Penti wowala wa kutsogolo ndi chikwangwani chachikulu sizikuuzani kanthu. Pemphani kiyi, lowani, tukulani matilesi muone m'misoko ngati muli timadontho takuda ta nsikidzi. Tambasulani neti yonse. Liwonde ali m'mbali mwa Shire, pamene baraji imasunga madzi chaka chonse, ndipo udzudzu wa kumeneko sudikira dzinja. Neti yobooka ndi yoopsa, chifukwa mumagona mtima uli m'malo pamene udzudzu watsekeredwa nanu mkati. Ine ndimayenda ndi yanga m'chikwama, anzanga aziseka. Malungo amadzayamba patapita sabata kapena ziwiri, muli kwanu, ndipo ndalama imene munapulumutsa pa chipinda imathera ku mankhwala ndi masiku ogona osagwira ntchito.

Ku Balaka nkhani ndi madzi ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala chipinda cha malata chopanda siling'i chimasunga moto wa masana mpaka pakati pa usiku. Tsegulani mpopi muone ngati ukutuluka madzi, ndipo funsani kuti akasiya amatani. Akakuonetsani ndowa yodzaza ndi mjigo uli pafupi, amenewo ndi anthu oona mtima. Akati kuno madzi sasiya, kayikani. Funsaninso za magetsi: fani imene mwalipirira ilibe ntchito magetsi akazima. Safunsa adadya phula.

Yang'anani kumene kuli bala. Malo ambiri otsika mtengo phindu lawo lili pa mowa ndi pa zipinda za kanthawi kochepa, ndiye wogona weniweni samuwerengera. Nyimbo zimalira mpaka tambala, ndipo pakati pa usiku wina adzagogoda pa chitseko chanu. Musatsegule. Yesani loko ndi chitsekerero cha mkati mukadali ndi mwini malo. Ndalama zogulira katundu zikhale mu Airtel Money kapena Mpamba, ndipo musauze aliyense pamalopo kuti mwabwera kudzagula chiyani.

Za alawansi ndinene mosabisa. Ndaona anyamata akugona anayi m'chipinda chimodzi kuti ndalama ya kuofesi itsale m'thumba, m'mawa n'kumaodzera pamaso pa amene anawaitana. Kusunga n'kwabwino, koma anthu amakumbukira amene anagona pa msonkhano. Lisiti tengani nthawi yomwe mukulipira, ndipo musapemphe kuti akulembereni mtengo wonama. Wolembayo sadzakuiwalani.

Malo abwino koposa amene ndinagonapo kuderali anali ku Ntaja, nyumba yosaoneka bwino kunja. Zofunda zinali zakale koma zochapa, pabwalo posesa, ndipo mayi wosamalira malowo anandifunsa nthawi imene ndidzuke kuti anditenthetsere madzi. Mzikiti unali pafupi, kuitanira mapemphero a m'bandakucha kunandidzutsa nthawi yabwino yokakwera galimoto yoyamba.

Mlonda ndi woyeretsa zipinda muziwapatsa moni mwaulemu, ngakhale wa Chiyao ngati mukuudziwa. Iwowo ndi amene amayang'anira katundu wanu mukachoka, ndipo amadziwa chipinda chimene chimadontha. Mukapeza malo abwino ngati a ku Ntaja aja, sungani nambala yawo ya foni, muziimba musananyamuke, ndipo muuzeko mnzanu amene akuyamba kumene kuyenda njira imeneyi.