Wogwirira Ana Akabwerera M'mudzi Kuchokera Kundende

Kuyambira m'chaka cha 2017, malamulo aakulu a dziko la Malawi amati mwana ndi munthu aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Wogwirira mwana angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse, koma ambiri amagamulidwa zaka zowerengeka, ndipo tsiku limafika loti abwerere kwawo. Kodi mudzi umlandire bwanji munthu wotere?

Midzi ina imampirikitsa. Kutero sikuthetsa vuto, popeza iye amakakhala kumene anthu sakumdziwa, ndipo ana akumeneko ndiwo amakhala pangozi. Midzi ina imangoiwala zonse ngati kuti palibe chidachitika. Kumenekonso ndi kulakwa. Njira yabwino ndiyo kumlandira ndi kumuyang'anira.

Zizindikiro za ngozi

Si onse otuluka m'ndende amene amapalamulanso, ndipo ngozi imacheperachepera munthu akakhala zaka zambiri osalakwanso. Koma ngozi imakula ngati munthuyo:

1. adapalamulapo mlandu wotere kangapo;
2. wayambanso kuledzera kapena kusuta chamba;
3. alibe ntchito ngakhale mbale womlangiza;
4. amafunafuna mpata wokhala yekha ndi ana, kuwanyengerera ndi ndalama, masiwiti kapena mandasi, ndi kuwauza kuti asaulule kwa makolo.

Kayang'aniridwe kake

Mfumu, akuluakulu a mpingo, abale ake ndi a chitetezo cha m'mudzi akhale naye pansi ndi kumvana naye poyera. Asatsale yekha ndi mwana. Ana asatumidwe kunyumba kwake. Asapatsidwe ntchito pasukulu kapena pamalo osungirapo ana. Komabe apatsidwe munda, aloledwe kupemphera ndi anzake ndi kugwira nawo ntchito zachitukuko, chifukwa munthu wosalidwa ndi amene amabwerera msanga ku zoipa. Akaphwanya pangano, nkhani ipite kupolisi. Kummenya kapena kumtenthera nyumba ndi mlandu winanso.

Makolo akumbukirenso kuti kawirikawiri wogwirira mwana sakhala mlendo, koma mbale kapena mnansi wodziwika bwino. Mwana akamakana kupita kunyumba ina, akamadzidzimuka usiku kapena kuyenda movutika, afunsidwe mofatsa, popanda kumuopseza.

Mwana akagwiriridwa

Atengeredwe kuchipatala msanga, asanasambe, pamodzi ndi zovala zimene adavala. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Kuchipatala kulinso mankhwala oletsa kutenga pathupi. Kenaka nkhani ikanenedwe kupolisi, kapena poimba nambala yaulere ya 116. Mlandu wotere suweruzidwa pabwalo la mfumu, ndipo suthera pa kulipa mbuzi kapena nkhuku.

Akale adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Choncho woona chizindikiro cha ngozi asakhale chete poopa kudana ndi mnansi, chifukwa wolipira kukhala chete kumeneko ndi mwana.