Mafunso ndi Mayankho: Chimwemwe cha Tsiku ndi Tsiku Pakati pa Zokhumudwitsa Zing'onozing'ono

Zokhumudwitsa zing'onozing'ono ndi zija zimene sizivulaza munthu koma zimamuwonongera tsiku: minibasi yochedwa kudzaza pa depoti, magetsi ozima nsima ili pamoto, mnzake amene analonjeza kubweza ngongole Lachisanu koma tsikulo litafika foni yake n'kukhala yozimitsa. Makalata asanu ndi imodzi amene talandira akufunsa mmene munthu angapezere chimwemwe pakati pa zoterezi.

Funso loyamba

Mayi wina wogulitsa mandasi ku Ndirande alemba kuti tsiku lina beseni lonse linatha nthawi isanakwane 10 koloko m'mawa. Koma kasitomala mmodzi anati mandasiwo ndi aang'ono ndipo amwa mafuta. Pofika madzulo za beseni lotha lija anali ataiwala, m'mutu mwawo munangotsala mawu a kasitomala uja. Akufunsa chifukwa chake.

Yankho

Zimene zinawachitikira mayiwa zimachitikira pafupifupi aliyense, chifukwa maganizo a munthu amagwira choipa mwamphamvu kuposa chabwino. Mu 2001, katswiri wa za maganizo Roy Baumeister ndi anzake anaunika kafukufuku wambiri wokhudza mabanja, ndalama ndi maphunziro, ndipo anapeza kuti choipa chimodzi chimalemera kuposa chabwino cholingana nacho. Kutaya K5,000 kumapweteka kwambiri kuposa mmene kutola K5,000 kumasangalatsira. Akatswiri ambiri amafotokoza kuti khalidweli linathandiza anthu akale kupulumuka. Amene anaphonya chipatso m'tchire anangogona ndi njala, koma amene anaphonya njoka mu udzu sanabwerere kumudzi.

Mu 1981, Richard Lazarus ndi anzake pa yunivesite ya California ku Berkeley anaonetsa kuti timavuto ta tsiku ndi tsiku timasautsa mtima kuposa mmene anthu ankaganizira, moti nkhawa za munthu zimatsatira kwambiri timavutoti kuposa zochitika zikuluzikulu za kamodzikamodzi. Izi n'zomveka. Pakagwa maliro, mudzi wonse umabwera kudzapepesa, amayi amanyamula ufa ndi nkhuni, amuna amagona panja. Koma mawu onyoza a pamsika munthu amapita nawo yekha kunyumba, ndipo mawa amawonjezerapo ena.

Chothandiza choyamba ndi kuyeza chinthu pa msinkhu wake weniweni. Akuluakulu anati dzedzeredzedzere salingana ndi kugweratu. Ngati anthu makumi anayi anagula mandasi ndipo mmodzi yekha ndi amene anadandaula, ndiye kuti anthu 39 anadya n'kukhutira. Ngati m'dandaulo lija muli zoona, mwina mafuta anali asanatenthe bwino, ndipo zimenezo zikonzedwa mawa. Zotsalazo ndi zosayenera kugona nazo.

Funso lachiwiri

Mphunzitsi wina wa ku Kasungu anasunga ndalama zaka ziwiri kuti afolere nyumba yawo ndi malata. Masabata oyamba ankatuluka panja kukangoyang'ana dengalo, ndipo mvula ikamagwa usiku ankadzuka kuti amve kulira kwake. Patha miyezi isanu, ndipo tsopano akuti sakumvanso kanthu, maganizo onse ali pa simenti ya pansi. Akufunsa ngati asanduka munthu wosayamika.

Yankho

Aphunzitsiwa akumana ndi kuzolowera, kumene kuli m'chibadwa cha munthu aliyense. Wolowa m'chigayo amatseka makutu chifukwa cha phokoso, pamene wogayitsa amene amakhala momwemo tsiku lonse salimvanso. Chimwemwe cha chinthu chatsopano chimazilala mofananamo. Mu 1978, Philip Brickman ndi anzake anacheza ndi anthu 22 amene anapambana ndalama zambiri pa lotale ku Illinois, m'dziko la America. Anapeza kuti anthuwo sanali osangalala kwenikweni kuposa anzawo amene sanapambane kanthu, ndipo tinthu wamba monga kudya chakudya cha m'mawa kapena kucheza ndi bwenzi tinkawakomera pang'ono poyerekeza ndi anzawowo.

Kuzolowera kuli ndi ubwino wake, chifukwa ndi kumene kumathandiza munthu kudzuka akagwa m'mavuto. Vuto lake ndi loti kumabisa zabwino zimene zilipo kale. Njira imodzi yozionera ndi kukumbukira mwadala mmene zinthu zinalili poyamba: mabeseni otchera madontho pakati pa usiku, mphasa zonyowa, makope a ana osungidwa m'jumbo, ulendo wokamweta udzu chaka ndi chaka. Munthu akaganizira zimenezi kwa mphindi zochepa mvula ili mkati, denga lija limaonekanso.

Nyengo za chaka zimaphunzitsa zomwezo. Mango amakoma kwambiri chifukwa amabwera cha mu Novembala n'kutha. Ngumbi zimatuluka ndi mvula, bowa amamera masabata owerengeka, chimanga chachiwisi chimaotchedwa cha mu Febuluwale ndi Malichi, nzimbe ndi mbatata zimadikira nyengo yozizira. Chinthu chodikiridwa sichizoloweredwa msanga. N'chifukwa chake nkhuku ya pa Khirisimasi imakumbukiridwa chaka chonse, pamene wodya nkhuku tsiku lililonse amaiwala kukoma kwake.

Funso lachitatu

Mtsikana wina wophunzira ku Zomba walemba kuti aliyense amamuuza kuti aziyamika, koma palibe amene amamufotokozera mmene angachitire. Akufuna kudziwa ngati pali njira yoyesedwa.

Yankho

Njira zoyesedwa zilipo, ndipo sizifuna ndalama. Mu 2003, Robert Emmons ndi Michael McCullough anagawa ophunzira m'magulu atatu. Kwa masabata 10, gulu loyamba linkalemba zinthu zisanu zoyamikira sabata iliyonse, lachiwiri zinthu zisanu zowasautsa, lachitatu zinthu zisanu zilizonse zimene zawachitikira. Pamapeto pake a gulu loyamba ankaona moyo wawo bwino, anali ndi chiyembekezo, ndipo ankadandaula pang'ono za kuphwanya kwa thupi. Mu 2005, Martin Seligman ndi anzake anapempha anthu kuti usiku uliwonse kwa sabata imodzi azilemba zinthu zitatu zimene zayenda bwino tsikulo ndi chifukwa chake. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthuwo anali osangalalabe kuposa poyamba, makamaka amene anapitiriza okha chizolowezicho.

Chinsinsi chake chili pa kutchula chinthu chenicheni. Kulemba kuti “ndikuyamika moyo” usiku uliwonse kumasanduka mwambo wopanda kanthu pakatha masiku atatu. Koma kulemba kuti kondakitala anabweza chenji chonse osakumbutsidwa, kapena kuti usipa wa lero unali wosawawa, kapena kuti agogo anaseka pa foni mpaka kutsokomola, kumabwezera munthu pa mphindi yomweyo. Amene sakonda kulemba akhoza kungotchula zinthuzo pakamwa, banja likudya mgonero, aliyense chake.

Njira ina ndi kusunga maganizo pamene thupi lili. Mu 2010, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a ku Harvard anafunsa anthu 2,250 kudzera pa foni, pa nthawi zosiyanasiyana za tsiku, zimene akuchita ndi zimene akuganiza. Anapeza kuti pafupifupi theka la nthawi maganizo a anthuwo amakhala kwina, ndipo akakhala kwina chimwemwe chimachepa. Munthu akhoza kumwa kapu yonse ya thobwa lozizira bwino osamva kukoma kwake chifukwa mtima uli pa mayeso a mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuima mphindi imodzi, kumva kuzizira kwa kapu m'manja ndi kuwawasa kwa thobwalo pakhosi, n'kokwanira kuti tsikulo likhale ndi chokumbukira. Njirazi sizisintha moyo tsiku limodzi. Phindu lake ndi lapang'ono, koma limaunjikana ngati madontho m'ndowa.

Funso lachinayi

Mlimi wina wa ku Mchinji akufunsa molimba mtima ngati zonsezi si kudzinamiza chabe. Akuti feteleza wakwera mtengo, mavenda akugula soya motchipa, ndipo kuuza munthu wotere kuti asangalale ndi kulira kwa mbalame kuli ngati kumutseka pakamwa.

Yankho

Funso la bambowa ndi loyenera. Njala, nkhanza za m'banja, malipiro osaperekedwa ndi mitengo yobera alimi si zokhumudwitsa zing'onozing'ono, ndipo zimafuna kuchitapo kanthu: kulowa m'kalabu ya alimi, kugulitsa mbewu pamodzi, kukadandaula kumene kuyenera. Kafukufuku amavomereza kuti kusowa chakudya, mankhwala ndi fizi kumachotsadi chimwemwe. Palibe katswiri woona amene angauze munthu wanjala kuti vuto lake lili m'maganizo.

Ngakhale pa zinthu zazing'ono, kunamizira kusakhumudwa sikuthandiza. James Gross wa ku yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti munthu akabisa pankhope zimene akumva, chisonicho sichichepa, ndipo thupi limavutika kwambiri mkati. Kunena kuti “zandiwawa” ndi chiyambi cha kupola.

Chimene chikunenedwa pano n'chakuti chisoni ndi chimwemwe zimakhala m'nyumba imodzi. Walira mvula walira matope, ndipo wothawa matope amakhala wopanda dzinthu. M'midzi yambiri, pa maliro a nkhalamba, zidzukulu zimavala chipewa cha malemu n'kumatsanzira mayendedwe awo, anthu n'kuseka misozi ili m'masaya, ndipo palibe amene amati anyoza maliro. Barbara Fredrickson anafotokoza mu 1998 kuti timphindi ta chimwemwe timatsegula maganizo, moti munthu amaona njira zambiri zothetsera vuto, pamene mantha ndi mkwiyo zimamuonetsa njira imodzi yokha. Mlimi amene wapuma pansi pa mtengo n'kudya mbatata yootcha ndi ana ake sanaiwale mtengo wa feteleza. Wapeza mphamvu zokakambira nkhaniyo ku msonkhano wa kalabu mutu uli wozizira.

Funso lachisanu

Mnyamata wina wogwira ntchito ku Johannesburg walemba kuti akaweruka amatsegula Facebook ndi WhatsApp, n'kuona anzake a kusukulu akugula magalimoto ndi kumanga nyumba. Akuti ngakhale tsiku limene walandira malipiro n'kutumiza ndalama kwawo ku Mangochi, amagona akudziona wolephera.

Yankho

Leon Festinger analemba mu 1954 kuti munthu amadziyeza poyang'ana anzake, makamaka pa zinthu zimene zilibe muyezo wodziwika. Kale munthu ankadziyerekeza ndi anthu a m'mudzi mwake, amene ankawadziwa pa zokoma ndi pa zowawa pomwe. Pa foni amaona mazana a anthu, aliyense akuonetsa tsiku lake labwino kwambiri. Chithunzi cha galimoto chimaikidwa, kalata ya ngongole ya ku banki siikidwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Muyezo wachilungamo ndi wa munthu ndi dzulo lake: mng'ono amene ali pasukulu chifukwa cha fizi yochokera ku Johannesburg, mayi amene agula matumba a chimanga mwezi wa Januwale usanafike.

Kalatayi ikuonetsanso kusungulumwa, ndipo apa ndi pamene pali mankhwala aakulu. Kafukufuku wa ku Harvard amene anayamba mu 1938 anatsatira amuna 724 kuyambira unyamata mpaka ukalamba, ndipo pambuyo pake anawonjezera akazi awo ndi ana awo. Chimene chaoneka mobwerezabwereza n'chakuti amene anali ndi ubale wabwino ndi anzawo anakalamba osangalala komanso athanzi kuposa osungulumwa, kaya anali olemera kapena osauka. Mphindi makumi awiri zoyang'ana zithunzi za anthu zikanakhala za kuimba foni kumudzi, usikuwo ukanatha mosiyana. Bawo ya Loweruka, mpira wa Lamulungu, kwaya ya kutchalitchi, kucheza ukatha mzikiti Lachisanu, kapena kuphika nsima pamodzi ndi anzake ochokera kumudzi, zonsezi zimapatsa munthu womuuza nkhani yabwino. Nkhani yabwino ikafotokozedwa kwa munthu womvetsera mokondwa, imakomanso kachiwiri.

Funso lomaliza

Mayi wina wa ku Mzimba alemba za amuna awo. Kwa mwezi wathunthu bambowo sakupita ku bawo, mpira wa pa wailesi sakumvera, akudya pang'ono ndipo akudzuka pakati pa usiku n'kukhala pakhonde. Mayiwa ayesa kuwakumbutsa zabwino zimene ali nazo koma sizikuthandiza.

Yankho

Apa nkhani yadutsa malire a zokhumudwitsa zing'onozing'ono. Munthu wokhumudwa wamba amasekabe mdzukulu akamugwira ndevu, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri amabwerera mwakale. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, munthu ali wachisoni kapena sakukondwanso ndi zimene ankazikonda, ndipo tulo, chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zasintha, amenewo akhoza kukhala matenda ovutika maganizo. Ndi matenda ngati shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo amagwira olemera ndi osauka, opemphera ndi osapemphera. Kumuuza wodwalayo kuti aziyamika kumangomuwonjezera kudziimba mlandu.

Matendawa amachizika, ena ndi uphungu, ena ndi mankhwala, ena ndi zonse ziwiri. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 mumzinda wa Harare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala n'kumvetsera anthu ovutika ndi zimene Ashona amazitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anathandizidwa mwa njirayi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Ku Malawi, poyambira ndi chipatala chaching'ono chapafupi kapena cha boma, kumene wodwala amaonedwa ndi kutumizidwa kwa odziwa za matenda a maganizo. Chipatala chachikulu cha matendawa chili ku Zomba, ndipo a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mayiwa angachite bwino kuwaperekeza amuna awo ku chipatala sabata yomwe ino, kukhala nawo pafupi, kuwamvetsera popanda kuwadzudzula, ndi kudziwitsa wachibale mmodzi wodalirika. Ngati bambowo atchula za kufuna kufa kapena kudzipha, asasiyidwe okha, mankhwala a m'munda ndi zingwe zichotsedwe m'nyumba, ndipo apite nawo ku chipatala tsiku lomwelo.