Mphunzitsi wodwala shuga ndi ulendo wa ku Chongoni

Tsiku lina titatuluka Misa, bambo wina wophunzitsa Geography pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Linthipe anandikokera pambali. "Amayi, ndili ndi shuga. Kodi ndisiye kupita ndi ana kumapiri?" Anali atabisa matendawa zaka zitatu, poopa kuti ahedi awalanda kalasi ya fomu 4.

Geography imaphunzitsidwa ndi miyendo. Mwana samvetsa kukokoloka kwa nthaka pabolodi monga amamvetsera ataima pachigwembe m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe. Pafupi pomwepa pali Chongoni, pomwe pali malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ndinawayankha kuti apite, koma akonzekere.

Sali okha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu ali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 ali ndi shuga.

Choopsa chachikulu paphiri n'kutsika kwa shuga. Pokwera, minofu imadya shuga wambiri wa m'magazi, pamene insulin kapena mapiritsi a glibenclamide akupitiriza kumutsitsa. Amene amamwa metformin yekha sakumana nazo kawirikawiri. Munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kumva njala yadzidzidzi, mtima kugunda kwambiri, kenako kulankhula zosamveka. Apa m'pamene anthu amalakwitsa, amati waledzera. Ngati angathe kumeza, sungunulani masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga m'madzi, amwe. Dikirani mphindi 15, ndipo akapanda kusintha mubwereze. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni, mbatata kapena buledi. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali ndipo muthamangire naye kuchipatala. Shuga angatsikenso usiku wa tsiku lomwelo, choncho asagone ndi njala. Za kuchepetsa mankhwala patsiku la ulendo akambirane ndi dokotala wake, osati kudziganizira yekha. Insulin asamuike padzuwa. Amukulunge m'kansalu konyowa.

Chachiwiri ndi mapazi. Shuga akakhalitsa amaononga mitsempha, moti munthu amaponda minga osamva. Nsapato zikhale zotseka ndi zosathina, avale sokosi, ndipo madzulo ayang'ane mapazi onse mpaka pakati pa zala. M'zaka zanga zaunamwino ndaona miyendo ikudulidwa chifukwa cha kabala kamene mwini wake anati kapola kokha.

Koma zonsezi sizithandiza ngati palibe akudziwa. Munthu amene shuga watsika kwambiri sangathe kudzithandiza. Amafuna mnzake wodziwa pamene pali paketi ya shugayo. Ophunzira anga a unamwino ndimawauza kuti pa matenda a mgonagona azifunsa wodwala kuti: "Kuntchito kwanu ndani akudziwa?" Ambiri amaweramitsa mutu.

Mantha awo ndimawamvetsa, makamaka matenda akafika pobweretsa ulumali, monga kusaona bwino kapena kudulidwa mwendo. Komatu dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations loteteza ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo lamulo la 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, linaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha ulumali. Zimene mphunzitsi wotere amafuna sizidya ndalama: tsiku la kuchipatala lilembedwe pandondomeko ya maphunziro, apatsidwe kalasi yopanda masitepe, ndipo paulendo pakhale mphunzitsi wachiwiri. Sukulu za mishoni zinayenera kukhala patsogolo pa izi, osadikira kuti lamulo liziwakumbutsa.

Bambo aja anauza ahedi ndi mphunzitsi mmodzi wa Biology. Teremu yotsatira anapita ndi ana awo kukaona mapanga aja, shuga ali m'thumba la mnzawoyo.